ProPILOT ya Nissan Leaf yasiya kugwira nditasinthitsa galasi: kodi ndi batire lalikulu?

Funso

Ndinaitanitsa Nissan Leaf ya 2019 kuchokera ku UK, ya batire la 40 kWh. Itangofika, ProPILOT inkagwira bwinobwino. Pa M1 popita ku Dedza galimoto inkadzisungira yokha mpata ndi ya kutsogolo, chiwongolero n'kumathandiza kukhala pakati pa mizere. Mwezi wathawu mwala wolasidwa ndi tayala la lole unaswa galasi lakutsogolo, ndipo ndinakasinthitsa. Masiku oyamba ProPILOT inkagwirabe koma ikukokera kumanzere, kenako inasiyiratu. Panopa kachizindikiro ka chiwongolero kakuyaka chikasu ndipo nyale ya mabuleki odzigwira okha siikuzima. Makaniko wina anaika galimoto pa mashini n'kufufuta machenjezowo, mawa lake anabwereranso. Wina akuti batire lalikulu likutha. Kodi n'zoona? Nanga ndipitirize kuyendetsa?

Wowerenga wa ku Lilongwe

Yankho

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama ina. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo: batire lalikulu lija lisiyeni, silinalakwe. Batire la Leaf likamatopa limadziwika ndi mtunda. Galimoto imene inkakufikitsani ku Dedza n'kubwerera imayamba kufuna tchaji pakati panjira, ndipo pa timizere 12 tosonyeza thanzi la batire pamasowa kamodzi, kenako kena. Koyamba kamazima batire likatsala ndi pafupifupi 85 peresenti ya mphamvu imene linali nayo lili latsopano. Inu simunadandaule za mtunda. Komanso kamera, rada ndi makompyuta a ProPILOT sakoka magetsi mwachindunji ku batire lalikulu la mavolti oposa 300 lija. Amadya a batire laling'ono la mavolti 12, longa la galimoto ya petulo, lomwe lili pansi pa boneti. Amene wakuuzani za batire lalikuluyo mwina wangonena zimene amamva, koma mukamumvera mutaya ndalama zochuluka zedi vuto n'kukhala lili pomwepo.

Pa zoti muyendetse kapena ayi: ngati nyale zoyaka ndi ziwiri zokhazo, yendetsani. Mabuleki amene mumaponda ndi phazi akugwira monga kale, chiwongolero chikumvera manja anu monga kale. Koma dziwani kuti nyale ya mabuleki odzigwira okha ikayaka osazima, ndiye kuti minibasi ikaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanu kuti inyamule munthu, galimoto siikuponderani buleki. Munthu amene wayenda miyezi ingapo ndi ProPILOT, phazi lake limazolowera kupuma iye osadziwa, choncho masiku ano siyani mpata wokulirapo kusiyana ndi umene munazolowera. Nkhani isintha ngati pamwamba pa ziwirizo payakanso nyale yofiira ya mabuleki, ya ABS (chipangizo choletsa matayala kumangika mukaponda buleki mwamphamvu), kapena yochenjeza za chiwongolero cholimba. Zikatero imikani galimoto muitane wodziwa.

Kuti timvane bwino, muyenera kudziwa kaye mmene chipangizochi chimaonera msewu. ProPILOT inayamba mu 2016 pa Nissan Serena ku Japan, n'kulowa mu Leaf yatsopano imene inatuluka mu 2017. Yanuyo, poti ndi ya msika wa ku UK, inapangidwa ku fakitale ya ku Sunderland, ndipo ili ndi maso awiri. Loyamba ndi kamera yomwe ili pamwamba pa galasi lakutsogolo, kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo, itavindikiridwa ndi pulasitiki yakuda. Imeneyo ndi imene imawerenga mizere ya pamsewu ndi kuzindikira magalimoto ndi anthu. Lachiwiri ndi rada, yomwe ili kumphuno kwa galimoto, m'munsi mwa kachitseko kotchajira. Imaponya mafunde n'kumamvera kubwerera kwake, potero imadziwa kuti ya kutsogolo ili patali bwanji ndipo ikuthamanga motani. Kupatula maso awiriwa, kompyuta imafunsanso masensa a liwiro a m'matayala onse anayi, sensa yoyeza mmene chiwongolero chakhotera, ndi kaswitchi ka pa buleki. Mboni zonsezi ziyenera kunena chimodzimodzi. Imodzi ikangonena zosiyana ndi zinzake, kapena ikakhala chete, kompyuta siichita zongoganizira. Imazimitsa zonse n'kukubwezerani galimoto m'manja. Ndiye nthawi zambiri palibe chimene chapsa. Galimoto yangosiya kukhulupirira diso lake limodzi, ndipo ntchito yathu ndi kupeza kuti ndi liti.

Kukana kwa ProPILOT kulipo kuwiri, ndipo anthu ambiri amakusokoneza. Kwina n'kwa kanthawi. Chitseko chikakhala chosatsekeka bwino, lamba wa dalaivala akakhala wosamanga, hendibuleki ikakhala yokoka, kapena wina akazimitsa ESP (chipangizo choletsa galimoto kuterereka), ProPILOT siilola kulowa. Mawaipa akamathamanga kwambiri mvula ili pakati, chothandiza kuwongola chimadzichotsa. Liwiro likakhala pansi pa makilomita 60 pa ola, chimafuna pakhale galimoto kutsogolo yoti chiziitsatira. Galimoto ikakhala padzuwa la mu Okutobala mawindo ali otseka, m'kati n'kutentha kupitirira madigiri 40, kamera imadziteteza pozima mpaka mutazizira. Ngakhale dzuwa la madzulo lolasa m'kamera limakwanira. Pa zonsezi pa dashibodi pamabwera mawu onga akuti "Not available", kachizindikiro ka chiwongolero kamakhala kotuwa, ndipo chifukwacho chikachoka zonse zimabwerera zokha. Palinso kena kamene kamasocheretsa anthu: mukagwira batani la buluu la ProPILOT la pa chiwongolero nthawi yaitali, pafupifupi sekondi ndi theka, galimoto imalowa mu kuluzi wamba wongosunga liwiro, yemwe saona galimoto ya kutsogolo ndipo saponda buleki. Ena amalowamo mwangozi n'kuyesa kuti ProPILOT yafa.

Kwanuko si kumeneko. Chikasu chosazima, chobwerera m'mawa uliwonse ngakhale atafufuta, chikutanthauza kuti kompyuta yapeza cholakwika chenicheni ndipo ikuchipezabe ulendo uliwonse ikadzuka.

Komabe yambirani pa zosafuna ndalama, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsukani galasi pamalo pamene kamera imayang'anira, ndipo muone ngati mawaipa akufikapo bwino kapena akungopaka matope. Onani zomata. Kwathu kuno galasi lakutsogolo limasenza sitika ya inshuwalansi, ya COF, ya kuntchito, ina ya kutchalitchi, ndipo galasi likasinthidwa zonsezi zimamatidwanso mwachangu paliponse. Palibe iliyonse imene iyenera kuyandikira kawindo ka kamera. Chimodzimodzinso kalamba ka tinti kamene ena amaika m'mwamba mwa galasi kotchinga dzuwa: kakadutsa pa kamera, kachotseni. Kumphuno kwa galimoto pukutani ndi nsalu yofewa yonyowa. Fumbi la m'chilimwe likasakanikirana ndi mame limauma ngati chikhakha, ndipo nyengo ya ngumbi ulendo umodzi wa usiku umakwanira kumata malo onse a rada. Mukatero imani pabwino, zimitsani galimoto, dikirani pang'ono, yatsaninso. Sindikuyembekeza kuti zanu zithera apa, koma n'zomvetsa chisoni kulipira galaja pa vuto la nsalu ndi madzi.

Kenako batire laling'ono. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene eni magalimoto amagetsi ambiri amagwera. Pa galimoto ya petulo batire likafooka mumalimva: m'mawa sitata imalira mokoka, mumadziwa kuti masiku ake atha. Leaf ilibe sitata. Mukadina batani, batire laling'ono limangodzutsa makompyuta onse nthawi imodzi, kupatsa mphamvu chipangizo cha mabuleki, ndi kutseka maswitchi akuluakulu olumikiza batire lalikulu. Zonsezi zimachitika mwakachetechete, m'masekondi ochepa. Batire likakhala lotopa, magetsi amagwa pa kamphindi komweko, kompyuta ina imachedwa kudzuka, zinzake zimaiitana osayankha, n'kulemba kuti yasowa. Galimoto imayakabe, kachizindikiro kobiriwira ka READY kosonyeza kuti yakonzeka kuyenda n'kuoneka, inu n'kunyamuka osadziwa kanthu, koma ProPILOT yakana kale ntchito tsiku limenelo. Batire lalikulu lingakhale lodzaza 100 peresenti, izi zimachitikabe.

Ndipo taganizirani mbiri ya batire lanulo. Ngati ndi lomwe linachoka nalo ku fakitale mu 2019, lakalamba, poti mabatire otere kawirikawiri amakhala zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo kutentha kumawafupikitsa moyo. Linakhalanso masabata ambiri osagwira ntchito: padoko, m'sitima, padoko lina, kenako pa lole kapena pa mzere wa kuboda. Batire la asidi likakhala nthawi yaitali lili lophwa silibwereranso mwakale ngakhale mutalitchaja bwanji. Onjezani tiraka (kachipangizo kolondolera kumene galimoto ili) kapena kamera yojambula ulendo imene mwina munaikitsa itafika, yomwe imayamwa pang'onopang'ono usiku wonse.

Kuyeza kwake n'kosavuta ndipo mita yoyezera magetsi ndi yotsika mtengo. Madzulo tsegulani loko wa boneti n'kuisiya yongotsamira, kuti m'mawa musatsegule chitseko n'kudzutsa makompyuta. Kukacha, musanakhudze china chilichonse, ikani waya wofiira pa pulasi, wakuda pa mainasi. Batire labwino limaonetsa mavolti 12.6 kapena pafupi pamenepo. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti lili pa theka. Likafika pa 12.0 kapena pansi, laphwa. Mita ikadali pomwepo, wina adine batani loyatsira inu mukuyang'ana manambala. Mukaona akugwa kwambiri kwa kamphindi asanakwere, batirelo lilibe msana. READY ikayaka, manambala ayenera kukwera kufika pakati pa 13 ndi 14.5, kusonyeza kuti chipangizo chotsitsa magetsi kuchokera ku batire lalikulu chikulitchaja. Gwedezaninso mitu ya batire ndi dzanja. Mutu wogwedera, kapena wokutidwa ndi ufa woyera uja, umabweretsa matenda omwewo ngakhale batire lili latsopano. Ogulitsa mabatire ambiri ali ndi kamashini koyeza batire likamasenza katundu, apempheni akuyezereni. Likapezeka lofooka, sinthani limenelo kaye musanapite kwina kulikonse, chifukwa ngakhale ntchito imene ndikufuna kunena m'munsimu siingayende bwino pa magetsi ogwedera.

Chenjezo limodzi muli pansi pa boneti: mawaya okhuthala a mtundu wa olenji ndi a batire lalikulu. Musawagwire, musawakoke, ndipo musalole munthu amene sanaphunzire za magalimoto amagetsi kuwamasula. Magetsi ake amapha. Pochotsa batire laling'ono, galimoto ikhale yozima, chingwe chotchajira chitazulidwa, ndipo mudikire mphindi zingapo makompyuta agone.

Tsopano tifike pamene ine ndikukayikira kwambiri, pa galasi. Kalata yanu yanena zinthu ziwiri zimene zikuloza komweko: vuto linayamba galasi litasinthidwa, ndipo lisanafike poipa galimoto inkakokera kumanzere.

Kamera ija siimangidwa ku denga la galimoto. Imakhala m'kachikombole komatidwa pa galasi lenilenilo. Galasi likachoka, kamera imachotsedwa, n'kukalowetsedwa m'kachikombole ka galasi latsopano. Ngakhale mmisiri atakhala waluso chotani, galasi latsopano silikhala ndendende pamene panali lakale. Guluu amakhuthala mosiyana pang'ono, kachikombole kamamatidwa mosiyana pang'ono. Ndi maso simungaone. Koma werengani nane: kamera ikapendekeka digiri imodzi yokha, pa mtunda wa mamita 100 imakhala yaphonya ndi mita imodzi ndi masentimita 75. Imeneyo ndi pafupifupi theka la mbali yanu ya msewu. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, mamita 100 amenewo mumawamaliza m'masekondi osakwana anayi. N'chifukwa chake galasi la galimoto ya kamera likasinthidwa, kamera iyenera kuphunzitsidwanso kuti kutsogolo kwenikweni ndi kuti. Amisiri amati kalibulesheni. Choopsa n'chakuti kamera siidziwa kuti galasi lasinthidwa. Imadzuka n'kupitiriza ntchito ndi miyeso yakale, ikuona msewu mopendekeka koma ikukhulupirira kuti ikuona bwino. Masiku aja galimoto inkakokera kumanzere, n'kutheka kuti ndi zimene zinkachitika. Ndipo kumanzere kwa msewu wathu mukukudziwa: ndi kumene kumayenda ana asukulu, amayi osenza mitolo, njinga zonyamula makala. Kunena zoona, ine mtima wanga wakhala pansi kumva kuti inazima. Masiku amene inkagwira mopendekeka aja ndi amene anali oopsa.

Pali kuyesa kumodzi kumene mungachite nokha kuti tisanamizire kamera pachabe. Pa msewu wowongoka, wosalala, wopanda anthu, ProPILOT ili yozima, fewetsani manja pa chiwongolero osachisiya. Galimoto ikamayenda mowongoka, chiwongolero chili pakati, ndiye kuti kukokera kuja kunkachokera ku kamera. Ikamakokerabe kumanzere, kapena chiwongolero chikakhala chokhota pamene galimoto ikuyenda mowongoka, ndiye kuti palinso nkhani ya alaimenti kapena matayala, mwina dzenje lina linakumenyani masiku omwewo.

Nthawi ina anandibweretsera galimoto ya kamera yofanana ndi yanuyi, nayonso itangosinthidwa galasi. Nditachotsa chivindikiro cha pulasitiki kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo, ndinapeza kuti galasi limene anaika silinali la galimoto ya kamera. Analibe kachikombole, ndiye anametula kakale pa galasi losweka n'kukamata ndi silikoni. Silikoniyo, poti ndi wofewa, dzuwa likatentha ankalola kamera kuweramira pansi. Nditaikankha ndi chala inkagwedera ngati dzino la mwana. Kakilipi kamodzi mwa togwira kamera kanali kothyoka, ndipo m'kati mwa galasi, pamalo enieni pamene diso la kamera limayang'anira, panali chidindo cha chala chamafuta, fumbi litamatirirapo. Mwini wake anali atauzidwa kale kuti agule kamera yatsopano. Kamera inalibe vuto lililonse. Amene anaika galasiwo sanachite mwankhanza, anachita zimene akhala akuchita zaka zonse pa magalimoto opanda maso, ndipo pa amenewo ntchito yawo inali yabwino.

Ndiye bwererani kumene munasinthitsa galasi, mwaulemu, mukafunse zinthu zitatu. Galasi limene anaika ndi la Leaf ya kamera, lobwera ndi kachikombole kake kuchokera ku fakitale? Kamera inalowa mpaka makilipi onse kulira? Pulagi yake inakankhidwa mpaka kutsekeka? Pulagi yolowa theka imagwira masiku angapo, kenako mabampu ndi msewu wafumbi zimaigwedeza mpaka kulekana, ndipo zimenezi zikugwirizana bwino ndi nkhani yanu yoti inagwira kaye kenako n'kusiyiratu. Muyang'anenso galasilo muli panja. Pamwamba pakati payenera kukhala utoto wakuda wozungulira kawindo koyera bwino, ndipo diso la kamera liyenera kukhala pakati pa kawindoko, osati m'mphepete. Galasi lotchipa kwambiri nthawi zina limakhotetsa zinthu pang'ono, moti mukayang'ana mtengo wa magetsi kudzera pamenepo n'kusuntha mutu, umaoneka ngati ukuvina. Lotero ngakhale kalibulesheni imakana.

Za makaniko amene anafufuta uja, ndinene mosabisa: kufufuta si kukonza. Kompyuta ikapeza vuto imalemba khodi, ndipo khodiyo ndi umboni wokhawo umene tili nawo. Kuifufuta musanailembe kuli ngati kung'amba kabuku ka kuchipatala dokotala asanawerenge. Mwayi wake, zanu zinabwerera, ndiye umboni ulipo. Ulendo uno aliyense woika galimoto pa mashini, muuzeni kuti musanafufute chilichonse ndijambule ndi foni, makhodi onse, a makompyuta onse. Dziwaninso kuti timashini tambiri totchipa timangowerenga zokhudza injini ndi utsi, moti pa Leaf tinganene kuti palibe vuto pamene kompyuta ya kamera ili ndi zonena. Mashini a Nissan enieni amatchedwa CONSULT, ndipo mashini ena akuluakulu a m'magalaja amafikanso ku makompyuta amenewa. Inu mwini mungadzithandize ndi pulogalamu ya pa foni yotchedwa LeafSpy Pro pamodzi ndi kachipangizo ka OBD2 kolowetsa pa pulagi ya pansi pa dashibodi, cha kumawondo a dalaivala. Kwa munthu amene ali ndi Leaf kuno, kutali ndi kumene inagulitsidwa, ndimaona kuti n'chida choyenera kukhala nacho, chifukwa chimaonetsanso thanzi lenileni la batire lalikulu, nkhani ya makaniko wachiwiri uja n'kuthera pomwepo.

Makhodiwo amatiuza kolowera. Oyamba ndi U, monga U1000, amanena kuti makompyuta anasiya kumvana. Akakhala ambirimbiri, omwazikana m'makompyuta osiyanasiyana, kaikirani batire laling'ono. Akakhala oloza kamera yokha, kaikirani pulagi ndi mawaya ake. Oyamba ndi C1B pa Nissan amakhudza kwambiri kamera: C1B01 imatanthauza kuti kuphunzitsa kamera sikunamalizidwe. C1A16 imanena kuti rada yatchingidwa. C1A04 imanena kuti ProPILOT yazima chifukwa cha vuto la ku ABS, ndipo pamenepo kamera ndi rada zilibe mlandu.

Za ku ABS ndi matayala ndidutsepo mwachangu, poti simunatchule nyale yake. Sensa ya liwiro ya tayala limodzi ikadzaza matope, kapena waya wake ukadulidwa ndi mwala, zonse zodalira liwiro zimazima pamodzi. Matayala osiyana saizi amabweretsa chisokonezo chofanana: lina likamazungulira mofulumira kuposa anzake, kompyuta imayesa kuti galimoto ikuterereka. Leaf yanu inabwera ndi 215/50 R17 kapena 205/55 R16 malinga ndi mtundu wake, ndipo onse anayi akhale saizi imodzi, mpweya monga yalembera sitika ya pa chitseko cha dalaivala. Rada nayo, ngati bampala inagundidwapo, ngakhale pang'ono poimika, kachitsulo koigwira kamapindika. Nambala puleti yosunthidwa, chitsulo chotchinga kutsogolo, kapena utoto wokhuthala wopopera pamwamba pa pulasitiki ya rada, zonsezi zimaitseka maso.

Ngati galasi lili loyenera, kamera yakhala bwino ndipo batire laling'ono lili ndi mphamvu, chotsala ndi kalibulesheni, ndipo apa sankhani galaja mosamala. Ntchito imeneyi siichitikira pansi pa mtengo. Imafuna simenti yosalala yosapendekeka, kuwala kokwanira kosathwanima, ndi chikwangwani chapadera cha mabokosi akuda ndi oyera chimene chimaimikidwa kutsogolo kwa galimoto pa mtunda ndi msinkhu woyezedwa ndi tepi, molunjika pakati penipeni pa galimoto. Galimoto imakhala yopanda katundu, matayala ali ndi mpweya woyenera. Mmisiri amayeza msinkhu wa galimoto pa matayala akutsogolo, n'kulowetsa miyeso mu mashini, kenako mashini amalamula kamera kuti iyang'ane chikwangwanicho n'kusunga malo atsopano. Ngati alaimenti ikufunika, ichitike kaye, sensa ya chiwongolero ibwezeredwe pakati, kamera ibwere pomaliza. Mukasintha ndondomeko imeneyi mulipira kawiri. Musanasiye galimoto, funsani kuti akuonetseni chikwangwanicho ndi maso, komanso kuti mashini awo akatsegula Leaf akuonetsa gawo lophunzitsira kamera. Yambirani kwa ogulitsa Nissan ovomerezeka ndi magalaja amene amakonza magalimoto a ngozi a inshuwalansi, muwafunse ngati anachitapo ntchitoyi pa magalimoto ena a Nissan a makamera monga X-Trail kapena Qashqai. Wina akakuuzani kuti ingoyendani idzadziphunzitsa yokha, kapena kuti achotse babu la nyaleyo isamakuvutitseni, tengani makiyi anu. Ndipo ngati galasi linalipiridwa ndi inshuwalansi, kafunseni, chifukwa kalibulesheni ndi gawo la ntchito yosintha galasi, si ntchito ina yapadera.

Mwina mukudzifunsa ngati n'zoyenera kuvutikira zonsezi, poti misewu yathu yambiri mizere inafufutika ndipo chothandiza kuwongola chimangogwira m'zigawo zochepa. Pa chiwongolero chokhacho ndingakuvomerezeni. ProPILOT inapangidwira misewu ikuluikulu ya mizere yooneka mbali zonse ziwiri, ndipo ngakhale ili bwinobwino siyodalirika pa mbuzi yodumpha msewu, ngolo ya ng'ombe, dzenje, kapena njinga yamoto yoyenda m'mphepete. Manja ayenera kukhala pa chiwongolero nthawi zonse, ndipo mukawachotsa imakuchenjezani, mukapitiriza imachepetsa liwiro mpaka kuima. Koma kamera ndi rada zomwezo ndi zimene zimagwiritsa mabuleki odzigwira okha, ndipo amenewo amagwira ntchito kaya pali mizere kaya palibe, m'tauni, pa mzere wa magalimoto madzulo, pamene maso achoka pamsewu kwa sekondi imodzi. Amenewo ndi amene ndikufuna abwerere pa galimoto yanu.

Akamaliza, musangolandira makiyi. Tengani mmisiriyo mukayese limodzi, masana, kopanda mvula, pa chigawo cha msewu chimene mizere ikuoneka bwino mbali zonse. Nyale ya mabuleki odzigwira okha iyenera kuyaka poyatsa galimoto n'kuzima yokha pakapita masekondi ochepa. Mukapitirira makilomita 60 pa ola, dinani batani la buluu, ikani liwiro, manja ali pa chiwongolero. Kachizindikiro kayambe kotuwa, kenako kasanduke kobiriwira pamodzi ndi mizere iwiri ya pa dashibodi. Yang'anani m'magalasi a m'mbali muone mpata umene watsala pakati pa tayala ndi mzere, kumanzere ndi kumanja. Ukhale wofanana. Ikayambanso kutsamira mbali imodzi, zimitsani ProPILOT pomwepo mubwerere nayo tsiku lomwelo. Mukafika ku galaja aikenso pa mashini muone kuti palibe khodi yatsopano, ndipo m'mawa wotsatira, galimoto itagona usiku wonse, muyang'ane dashibodi poyatsa musanatuluke pa geti.